Mmene Mungatsegulire Mafayilo a Malemu Otsekedwa ndi Pasiwedi Popanda Kuwawononga

Mwambo wa maliro ukatha, anthu n'kubalalika, pamatsala katundu wina amene sakumbukiridwa msanga powerengera chuma cha masiye: zithunzi za zaka zambiri, makalata a nyumba kapena a malo amene anasungidwa m'kompyuta, mndandanda wa anthu amene anakongola ndalama kwa malemu, mauthenga a mawu, ndi zolemba zimene anasiya zisanathe. Katunduyu amakhala mu foni, mu laputopu kapena m'maakaunti a pa intaneti, ndipo pasiwedi yake imakhala kuti yapita ndi mwini wake. Chomvetsa chisoni n'chakuti kawirikawiri banja limawononga mafayilowa ndi manja ake omwe chifukwa cha phuma. Wina amazimitsa foni kuti isamangolira, wina amayesa manambala mongolota mpaka foniyo itadzitseka, ndipo wina amaitengera kwa wokonza mafoni kuti akaifulashe, osadziwa kuti kufulasha kumafafaniza zonse za m'katimo. Ntchitoyi ili ndi ndondomeko yake: choyamba kuteteza zimene zilipo, kenako kufunafuna kiyi amene malemu anasiya, ndipo kuthyola loko kumabwera kumapeto kwenikweni.

Masiku oyambirira

Ngati foni ya malemu idakali yoyaka, musaizimitse, ndipo muziitchaja kuti batire lisathe. Mafoni a masiku ano, a iPhone ndi a Android omwe, amasunga zinthu mwa njira yotchedwa encryption, kutanthauza kuti zonse za m'kati zimasokonezedwa mwa masamu moti sizingawerengeke popanda kiyi, ndipo kiyiyo amadalira nambala yachinsinsi ya mwini foni. Foni ikazima n'kuyakanso imakhala yotsekeka kwambiri kuposa poyamba, chifukwa imakana chala ndi nkhope n'kumafuna nambala basi. Pa iPhone, Face ID ndi Touch ID, zotsegulira foni ndi nkhope kapena chala, zimasiya kugwira ntchito pakadutsa maola 48 foni isanatsegulidwe, kapena zikalephera maulendo 5 motsatizana, ndipo kuyambira pa iOS 18.1 (iOS ndi pulogalamu yoyendetsa iPhone) foni imene yakhala yotseka kwa maola 72 imadzizimitsa n'kuyakanso yokha. Ubwino wa foni yoyaka ndi wakuti imalandirabe mauthenga, ndipo nthawi zina manambala otsimikizira amene makampani amatumiza amaoneka pagalasi ngakhale foniyo ili yotseka.

Mukapeza foni kapena kompyuta ili yotsegula, dziwani kuti mwayi umenewo mwina subweranso. Sinthani makonzedwe ake kuti isadzitseke yokha, ndipo nthawi yomweyo koperani zithunzi ndi zolemba zonse pa fulashi kapena pa hard disk ina. Kuwerenga mauthenga kudikire, ngakhale mtima ukufunitsitsa.

Za kuyesa manambala mongolota, dziletseni ndipo muletsenso ana. Nambala ya madijiti 4 ingalembedwe m'njira 10,000, ya madijiti 6 m'njira 1,000,000, ndipo foni imatalikitsa nthawi yodikira mukapitiriza kulakwitsa. Choopsa kwambiri n'chakuti iPhone ili ndi makonzedwe ofafaniza zonse munthu akalakwitsa nambala maulendo 10, mafoni ena a Android alinso ndi zofananazo, ndipo inu simungadziwe ngati malemu anaziyatsa. Ndi bwino kuti banja lilembe papepala manambala ochepa amene likuwaganizira ndi chifukwa chenicheni, munthu mmodzi yekha aziyesa, ndipo azilemba kuti wayesa kangati.

Nambala ya foni ya malemu isafe. Makampani a mafoni amatseka nambala imene yakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito n'kuipereka kwa munthu wina, ndipo zikatero mauthenga onse osinthira mapasiwedi amapita kwa mlendo. Funsani kampaniyo kuti imadikira nthawi yaitali bwanji, ndipo muziikamo mayunitsi. Mukafuna kuika SIM khadi mu foni ina kuti muzilandira mauthenga, kumbukirani kuti ngati ili ndi PIN mumaloledwa kulakwitsa maulendo 3 okha, kenako imafuna nambala ina yoitsegulira yotchedwa PUK, ya madijiti 8, ndipo PUK mukailakwitsa maulendo 10 khadiyo imafa. Musalembetse WhatsApp ya malemu mu foni yatsopanoyo musanaganize bwino, popeza kuchita zimenezo kumaitulutsa mu foni yakale, ndipo mauthenga akale sabwera okha pokhapokha ngati pali backup (kope losungidwa la mauthengawo) imene mungaifikire. WhatsApp imafafaniza akaunti imene yakhala masiku pafupifupi 120 osalumikizidwa pa intaneti, ngakhale kuti zimene zinasungidwa mu foni momwemo zimakhalabe.

Ndani ali ndi ufulu wotsegula

Banja ligwirizane msanga za munthu mmodzi amene ayendetse ntchitoyi. Mwalamulo, munthuyo amakhala amene anatchulidwa mu wilo kuti ayang'anire chuma cha masiye, kapena amene khoti lamupatsa udindowo. Asonkhanitse chiphaso cha imfa, chitupa chake, wilo kapena kalata ya khoti, umboni wa ubale wake ndi malemu, ndiponso malisiti a foni ndi kompyuta ngati alipo, n'kuzijambula bwinobwino chifukwa makampani amazifuna kudzera pa intaneti.

Malamulo a nkhaniyi amasiyana dziko ndi dziko. Ku United States kuli lamulo lachitsanzo lotchedwa RUFADAA, limene linalembedwa mu 2015 ndipo zigawo zambiri za dzikolo zinalivomereza. Limalola woyang'anira chuma kufikira katundu wa pa intaneti, koma kuti awerenge mauthenga enieniwo pamafunika kuti malemu akhale atavomereza adakali moyo. Ku Germany, khoti lalikulu la ku Karlsruhe linagamula pa 12 July 2018 kuti makolo a mtsikana wa zaka 15, amene anamwalira ku Berlin mu 2012, ali ndi ufulu pa akaunti yake ya Facebook monga mmene akanakhalira nawo pa makalata ake a papepala. Chigamulocho chinabwera patadutsa zaka zoposa 5 mwanayo atamwalira, zomwe zikusonyeza kutalika kwa njira ya kukhoti.

Pali malire atatu amene simuyenera kuwadumpha. Kulowa mu akaunti ya munthu wina ndi pasiwedi yake kumaphwanya mgwirizano wa makampani ambiri, ndipo m'mayiko ena kungakhale mlandu, choncho funsani loya musanatero. Makamaka ndalama za kubanki kapena za pa foni musazisunthe ndi PIN ya malemu, chifukwa zili ndi njira yakeyake yogawira chuma cha masiye. Ngati apolisi akufufuza za imfayo, zipangizo zonse musazikhudze. Ndipo ngati laputopu kapena foni ndi ya kuntchito, ibwezeni n'kupempha a kuntchitoko kuti akupatseni mafayilo a malemu amene sakhudza ntchito.

Kufunafuna kiyi amene anasiyidwa

Apa ndi pamene muyenera kuthera nthawi yochuluka, chifukwa anthu ambiri amalemba mapasiwedi penapake ngakhale amalangizidwa kuti asamatero. Yang'anani kumapeto kwa dayale, m'kabuku ka manambala a foni, pansi pa kiyibodi, m'chikwama cha ndalama, m'kati mwa zikuto za mabuku amene malemu ankawerenga kawirikawiri, m'bokosi limene foni inabweramo, ndi m'mapepala amene anasungitsa kwa loya. Musataye pepala lililonse lokhala ndi manambala kapena mawu amene simukuwamvetsa, popeza makiyi ofunika kwambiri saoneka ngati mapasiwedi. Madijiti 48 ogawidwa m'magulu 8 a madijiti 6 ndi kiyi wa BitLocker, wotsegulira disiki ya kompyuta ya Windows. Zilembo ndi manambala 24 m'magulu 6 angakhale kiyi wa FileVault wa kompyuta ya Mac. Mndandanda wa manambala 10, iliyonse ya madijiti 8, ungakhale manambala apadera olowera mu akaunti ya Google foni ikasowa. Mawu a Chingerezi 12 kapena 24 osagwirizana, olembedwa motsatana, nthawi zambiri ndi kiyi wa ndalama za crypto monga Bitcoin, ndipo aliyense amene wawaona angathe kutenga ndalamazo popanda wozibweza, choncho musawajambule kapena kuwatumizira munthu.

Zipangizo zakale zimathandiza kuposa mmene anthu amaganizira. Foni yakale imene ili m'dirowa, tabuleti imene ana ankaseweretsa, kapena kompyuta ya banja lonse, ingakhale kuti idakali m'kati mwa imelo ya malemu, kapena ili ndi nambala yachinsinsi imene wina m'nyumbamo amaidziwa. Mapulogalamu otsegulira intaneti monga Chrome ndi Firefox amasunga mapasiwedi, ndipo mukaona atatu kapena anayi mumayamba kuzindikira kalembedwe ka munthuyo: dzina limene ankalikonda, chaka chimene ankawonjezera kumapeto, chizindikiro chimene ankaika. Fufuzaninso ngati ankagwiritsa ntchito pulogalamu yosungira mapasiwedi. Bitwarden ndi LastPass zili ndi njira yakuti munthu amene anasankhidwiratu apemphe kulowa pa nthawi ya ngozi, pamene 1Password imalimbikitsa eni ake kusindikiza pepala lotchedwa Emergency Kit, lokhala ndi kiyi wa akauntiyo.

Dzifunseninso kuti chimene mukufuna kwenikweni n'chiyani. Ngati ndi zithunzi, zambiri zinatumizidwa kale kwa abale ndi anzake ndipo zili m'mafoni awo. Ngati ndi mgwirizano wa ngongole kapena wa lendi, mbali inayo ili ndi kope lake. Nthawi zina banja limavutika miyezi ndi loko, chikhalirecho chimene likufunacho chili mu imelo ya mlongo wake wa malemu.

Zimene makampani akuluakulu amalola

Palibe kampani yodziwika imene ingakupatseni pasiwedi ya malemu, koma ena ali ndi njira yoperekera mafayilo. Apple inayambitsa Legacy Contact, njira yosankhiratu munthu wodzalandira mafayilo mwini akamwalira, mu December 2021 pa iOS 15.2. Ngati malemu anasankha munthu woteroyo, munthuyo ali ndi kiyi wapadera, amene anasindikizidwa papepala kapena ali mu foni yake, ndipo akamupereka limodzi ndi chiphaso cha imfa amalandira zithunzi, mauthenga, zolemba ndi mafayilo a mu iCloud, malo a Apple osungira mafayilo pa intaneti. Salandira mapasiwedi osungidwa mu Keychain ngakhalenso nyimbo ndi mafilimu ogulidwa, ndipo amapatsidwa zaka 3, kenako akauntiyo imafafanizidwa. Ngati panalibe wosankhidwa, Apple imafuna chikalata cha khoti, ngakhale kuti m'mayiko ena imalandira zikalata zina za boma. Mudziwe kuti Apple ingachotse Activation Lock, loko amene amamangirira foni ku akaunti ya mwini wake, kuti foni igwirenso ntchito, koma siingatsegule nambala yachinsinsi ya foniyo. Foniyo imayenera kufafanizidwa kaye.

Google ili ndi Inactive Account Manager kuyambira mu 2013. Mwini akaunti amasankha anthu osapitirira 10 ndi nthawi yodikira ya miyezi 3, 6, 12 kapena 18, ndipo nthawiyo ikakwana akaunti ili chete, anthuwo amalandira uthenga wowalola kutsitsa mafayilo. Choncho auzeni abale kuti aziyang'ana maimelo awo, kuphatikizapo m'gawo la spam. Ngati malemu sanakonze zimenezi, pali fomu ya Google yopemphera zinthu za mu akaunti ya munthu womwalira, ndipo pempho lililonse amaliunika palokha, mwinanso n'kufuna chikalata cha khoti. Pa fomuyo samalani ndi chinthu chimodzi: mukapempha kuti akaunti itsekedwe, simungadzapemphenso mafayilo ake pambuyo pake. Nthawi nayonso ili ndi malire, popeza kuyambira mu December 2023 Google ingafafanize akaunti imene yakhala zaka 2 osagwiritsidwa ntchito.

Microsoft siipereka maimelo a mu Outlook.com kapena mafayilo osungidwa mu OneDrive popanda lamulo la khoti. Akaunti yake imatsekedwa ikakhala chete zaka 2, koma Outlook.com ndi OneDrive zingatsekedwe pakangotha chaka chimodzi. Facebook, imene inayambitsa njira yakeyake yosankhiratu munthu (legacy contact) mu 2015, imasandutsa akaunti kukhala yachikumbutso ikauzidwa za imfa, ndipo kuyambira pamenepo palibe angalowemo, ngakhale wodziwa pasiwedi. Wosankhidwayo angatsitse zimene malemu ankaika poyera ngati anapatsidwa chilolezo chotero, koma mauthenga achinsinsi sangawaone. Popeza mnzake aliyense wa malemu angadziwitse Facebook za imfayo, uzani anthu msanga kuti adikire kaye.

Kumbukiraninso malo osungira mafayilo pa intaneti amene ankalipiridwa mwezi ndi mwezi. Khadi ya kubanki ya malemu ikatsekedwa malipirowo amaima, ndipo m'kupita kwa nthawi mafayilo angafafanizidwe.

Kompyuta yotsekedwa

Funso loyamba ndi lakuti kodi disiki yake ili ndi encryption kapena ayi. Ngati ilibe, monga zimakhalira ndi makompyuta ambiri akale a Windows, pasiwedi yolowera ili ngati loko wa pageti pamene mpanda wagwa. Munthu wodziwa angayatse kompyutayo pogwiritsa ntchito fulashi yokhala ndi pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta yotchedwa Linux, mwachitsanzo Ubuntu, kapena angachotse disikiyo n'kuilumikiza ku kompyuta ina, ndipo mafayilo onse amaoneka. Asanachite china chilichonse apange kope lathunthu la disikiyo ndi pulogalamu monga Clonezilla, kuti zoyesayesa zonse zichitikire pa kopelo.

Pali msampha umene ngakhale okonza makompyuta ena amagweramo. Kuchotsa pasiwedi ya Windows mokakamiza n'kuika ina kumatsegula kompyuta, koma kumatayitsa mafayilo amene anatetezedwa ndi EFS (encryption ya Windows ya fayilo iliyonse payokha) komanso mapasiwedi amene anasungidwa mu Chrome kapena Edge, chifukwa makiyi awo amadalira pasiwedi yakale ija. Ndiye kuti pofuna kulowa pakhomo mwaotcha kabuku kamene kanali ndi makiyi a zipinda zonse. Muuzeni wokonzayo momveka kuti asasinthe pasiwedi, asafomate, ndipo asaike Windows yatsopano.

Ngati disiki ili ndi BitLocker, ndipo malaputopu ambiri atsopano a Windows 11 amakhala nayo mwini wake osadziwa n'komwe, kuchotsa disiki kapena kusintha makonzedwe a BIOS, pulogalamu imene imayatsa kompyuta, kumangochititsa kuti ifune madijiti 48 aja. Kawirikawiri kiyiyo amakhala atasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya mwini kompyuta, m'gawo la zipangizo, kapena kwa a zamakompyuta a kuntchito kapena kusukulu ngati kompyutayo inalembetsedwa kumeneko. Nthawi zina amapezeka mu akaunti ya munthu amene anaiyatsa koyamba itangogulidwa, amene angakhale mwana kapena mdzukulu. Pa Mac, FileVault imatseguka ndi pasiwedi ya mwini wake, ndi kiyi wa zilembo 24, kapena kudzera mu akaunti ya iCloud ngati anasankha choncho, ndipo pa ma Mac okhala ndi chipangizo cha T2 kapena Apple silicon kuchotsa disiki sikuthandiza konse.

Fayilo imodzi yokhala ndi pasiwedi yakeyake

Apa zinthu zimapepukako, chifukwa fayilo mungaikopere n'kumayesa maulendo ambirimbiri popanda chofafanizika. Yambani ndi kusiyanitsa mitundu iwiri ya chitetezo. Fayilo ya Excel, Word kapena PDF imene imatseguka koma imakana kusinthidwa kapena kusindikizidwa ili ndi chitetezo chofooka, ndipo zimene mukufuna mukuziona kale. Imene imafunsa pasiwedi isanaonetse kalikonse ndiyo ili ndi encryption yeniyeni. Mafayilo a Office 97 mpaka 2003, otha ndi .doc ndi .xls, ankagwiritsa ntchito kiyi wamfupi wa mabiti 40 amene makompyuta a lero amamuthyola. Kuyambira pa Office 2007 pali encryption yolimba yotchedwa AES, imene palibe njira yodziwika yoithyolera, ndipo chimene chimatsala ndi kupeza pasiwediyo. N'chimodzimodzi ndi mafayilo a ZIP: njira yakale ya ZipCrypto ndi yofooka, pamene 7-Zip ndi ZIP ya AES-256 n'zolimba.

Mapulogalamu aulere a John the Ripper ndi Hashcat amayesa mapasiwedi ochuluka kwambiri mofulumira, koma masamu amawaikira malire. Pasiwedi ya zilembo zazing'ono 8 ingalembedwe m'njira pafupifupi 209 biliyoni, zimene kompyuta yamphamvu ingamalize pa mafayilo ena. Ya zilembo 12 zosakaniza zazikulu, zazing'ono, manambala ndi zizindikiro imafika pa nambala ya madijiti 24, ndipo pamenepo kuyesa njira zonse n'kutaya nthawi. Chimene banja lili nacho, chomwe katswiri alibe, ndi kumudziwa munthuyo. Khalani pansi mulembe mayina a ana ndi adzukulu, mayina ake a paubwana, masiku obadwa ndi a ukwati, nambala za galimoto ndi za mafoni akale, timu imene ankaichemerera, mawu amene ankakonda kubwereza, m'zinenero zonse zimene ankalankhula, pamodzi ndi mapasiwedi ena amene mwapeza kale. Mapulogalamu aja amatenga mndandandawo n'kuusinthasintha okha, kuika chilembo chachikulu koyamba, chaka kumapeto, 0 m'malo mwa o, ndipo mwa njira imeneyi pasiwedi yaitali imene munthu anaipanga kuchokera pa moyo wake ingapezeke.

Mukafuna katswiri, sankhani amene ali ndi malo odziwika, amene akufunsani umboni wa imfa ndi wa udindo wanu, ndipo mumupatse kope, osati chipangizo chokhacho chimene muli nacho. Ine ndimakayikira kwambiri aliyense wolonjeza pa intaneti kuti atsegula iPhone kapena iCloud iliyonse mukangolipiriratu, ndipo masamba amene amati muwatumizire fayilo kuti aichotse pasiwedi amatsala ndi kope la zinsinsi za malemu. Foni yamakono yokhala ndi nambala imene palibe akuidziwa nthawi zambiri siitseguka, ndipo mphamvu zanu ndi bwino zipite ku backup ya mu iCloud kapena ya Google. Komabe musaifulashe kapena kuigulitsa msanga. Isungeni, chifukwa pepala la nambala lija lingadzapezeke mukusamutsa katundu chaka chamawa.

Mukatsegula

Koperani zonse pa malo awiri osiyana musanasankhe zofunika, ndipo mafayilo amene anali ndi pasiwedi muwasungenso opanda pasiwediyo kuti vutoli lisadzagwerenso ana anu. M'mauthenga a malemu muli zinsinsi za anthu amoyo amene ankalemba akudziwa kuti akulankhula ndi munthu mmodzi, choncho woyang'anirayo atenge zokhudza chuma ndi zikumbutso za banja, zinazo azisiye. Potseka maakaunti, yambani ndi amene amadula ndalama mwezi ndi mwezi, kenako masamba a mchezo. Imelo ndi nambala ya foni zikhale zomalizira, ndipo muzisunge kwa miyezi ingapo, chifukwa ndi mmene mumafikira makalata a banki, a inshuwalansi ndi a maakaunti ena amene banja silinkadziwa kuti alipo.